Sikelo ya ku Lumbadzi ndi Alimi a kwa Njombwa

Ntchito yanga ndi yolandira, kuyeza ndi kusanja katundu wokwera ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, koma kwathu ndi kwa Njombwa ku Kasungu, komwe moyo wa banja umayendera nazale ya fodya, chigafa ndi jeke. Poti mayiko ambiri akulimbana ndi kusuta, kumudzi kukumveka mawu akuti tiyambe kulima nyemba zaziwisi, tsabola ndi zipatso zotumiza kunja pa ndege. Maganizowo ndikuwavomera. Koma pakhomo la depoti yathu ya katundu pamaoneka kuti chosowa chachikulu si ndege ayi, ndi katundu wofika ali wosankhidwa bwino, wozizira, wolembedwa moona, ndiponso wobwera sabata ndi sabata.

Katundu akatsitsidwa timayamba ndi sikelo ndi tepi, chifukwa ndege imalipiritsa kulemera kapena malo, kutengera chomwe chaposa chinzake. Bokosi la mita imodzi mbali zonse limawerengedwa ngati makilogalamu 167, ngakhale mutakhala masamba opepuka. Kenako pamabwera kalata ya katundu, makina ounikira zamkati, a bungwe la misonkho la MRA, ndipo zikakhala zakumunda, chiphaso chotsimikiza kuti mulibe tizilombo. Zikatero timasanja pa paleti yachitsulo, zolemera pansi, mokhota motsatira mimba ya ndege, n'kuphimba ndi pulasitiki, kumanga ukonde, n'kuyezanso. Nambala yomalizayi ndi imene imanena malo amene paletiyo ikakhale, kuti ndege isalemere kumutu kapena kumchira. Amalonda ena amadandaula kuti timachedwetsa zinthu, kuti kwinaku bokosi limangoponyedwa pa lole basi. Lole ikalemedwa imaima m'mbali mwa msewu, pamene ndege ilibe poima, ndipo kawirikawiri pamwamba pa katunduyo pamakhala anthu. Mabatire a foni obisidwa m'bokosi lolembedwa kuti zovala atha kubuka moto mumlengalenga. Mlimi wa fodya sangadabwe ndi mwambo wotere. Amadziwa kuti pa msika wa Chinkhoma belo losakaniza magiredi kapena lokhala ndi zinyalala limabwezedwa. Diso losankha tsamba limene kwathu lilipo kale ndi lomwe ogula zamasamba akunja amafuna, ndipo ndi chuma chimene alimi ambiri oyamba malondawa amachita kuphunzira movutikira.

Ena amati ndege njodula, yosayenera mlimi wamba. Pa mbewu zambiri akunena zoona. Fodya wathu akakonzedwa ku Kanengo amalowa m'makontena kupita ku madoko a Beira, Nacala kapena Durban, ndipo soya ndi mtedza nazonso siziyenda pa ndege. Ndege imapindulitsa chinthu chopepuka, chamtengo, chosachedwa kuwonongeka. Dziko la Kenya limatumiza maluwa a ku Naivasha kudzera pa bwalo la Nairobi mpaka ku Netherlands, ndipo ndege zonyamula katundu zimatera kumeneko chifukwa maluwawo amapezeka tsiku lililonse. Kuno ndege zimatsitsa mankhwala, zipangizo za makina ndi katundu wa m'masitolo, koma zokweza zimachepa, choncho malo ambiri otulukira ndi a m'mimba mwa ndege za anthu zopita ku Addis Ababa, Nairobi ndi Johannesburg. Kampani ya ndege imasungira malo ndi kutsitsira mtengo munthu wolonjeza matani ake mlungu uliwonse, osati wobwera kamodzi pokolola.

Palinso oti bwalo lathu silingathe kusamala zinthu zofuna kuzizira. Koma pa 5 Malichi 2021 pa Lumbadzi panatera katemera wa COVID-19 wokwana 360,000, wofunika kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo anafalitsidwa m'zipatala m'dziko lonse. Vuto la zamasamba limayambira kutali ndi bwalo. Nyemba zothyoledwa masana, zounjikidwa m'matumba a feteleza, zoyenda pa dzuwa mu msewu wa M1 kudutsa Madisi ndi Mponela, zimafika zitafota, ndipo chipinda chozizira sichizibwezera mwakale. Makalabu a alimi amene amasonkhanitsa mabelo ndi kubwereka lole imodzi angathenso kugwirizana zothyola mbandakucha, kusankhira pamthunzi, kulongedza m'makatoni a muyeso umodzi, ndi kupeza wogula asanafese mbewu.