Tsiku Limene Mwana Adandikaniza Makapisozi

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino ndabwera ndi nkhani imene idandichititsa manyazi pakhomo panga pomwe. Ndaona kuti ndi bwino ndiiulule, popeza mwina zimene zidali m'chitini changa zilinso m'chitini chanu.

Mwana wa alongo anga akuphunzira za mankhwala ku Kamuzu University of Health Sciences mumzinda wa Blantyre, ndipo akadzamaliza adzakhala mmodzi wa anthu aja amatipatsa mankhwala pazenera la chipatala. M'nyengo yachisanu adabwera kudzationa, napeza chimfine chitagwira nyumba yonse. Mwana wanga wotsiriza, wa zaka 7, adali kutsokomola usiku wonse. Tsono ndidatsitsa chitini chimene ndinkasungiramo mankhwala otsala. Mudali makapisozi anayi a amoxicillin amene abambo a kunyumba adasiya dzino litaleka kupweteka, ndi mapiritsi a Bactrim amene mnzanga wina adandigawira. Ndidati, "Iwe wophunzira, tandiuza, ndimpatse angati?"

Mwanayo adagwada nati, "Azakhali, mundikhululukire, koma musampatse ngakhale limodzi."

Kunena zoona ndidapsa mtima. Ine wolera ana asanu, wotsogolera gulu la amayi, ndikanizidwe mankhwala ndi mwana amene ndidamubereka kumsana? Koma madzulo, titakhala pamkeka, adandifotokozera mofatsa zinthu ziwiri zimene ndikufuna kuti inunso muzimve.

Choyamba, tizirombo toyambitsa matenda tili m'magulu. Pali mabakiteriya, palinso mavairasi. Amoxicillin, Bactrim, penisilini ndi anzake, amene amatchedwa maantibayotiki, amalimbana ndi mabakiteriya okha. Chimfine chimadza ndi mavairasi, kotero kumpatsa mwana wachimfine makapisozi kuli ngati kuthira mankhwala a anankafumbwe pofuna kupha makoswe. Chimodzimodzinso chitopa cha nkhuku: ufa wa makapisozi umene timasungunulira m'madzi a nkhuku suchiza, pakuti chitopa ndi cha vairasi ndipo chitetezo chake ndi katemera.

Chachiwiri ndicho chidandidzidzimutsa. Kangati mwamva mayi akuti, "Thupi langa lidazolowera Bactrim, sandigwiranso"? Mwanayo adati iyenso adapita kusukulu ndi maganizo omwewo, mpaka adaphunzira kuti chozolowera mankhwala si thupi la munthu ayi, koma tizirombo. M'matumbo mwathu ndi pakhungu pathu mumakhala mabakiteriya ochuluka. Nthawi iliyonse tikamwa mankhwalawa, ofooka amafa, olimba amatsala naswana. Amene mumalima mukudziwa kuti mukazula udzu wofewa n'kusiya kapinga, posachedwa munda wonse ndi wa kapinga. Tizirombo tolimbato timachoka kwa ife kudzera m'manja osasamba, m'madzi ndi m'chimbudzi, n'kukagwira khanda la mnansi amene sadalaweko kapisozi chibadwire.

Pamenepo ndidakumbukira za chloroquine. Ndili mtsikana, ndiwo adali mankhwala a malungo m'nyumba iliyonse, koma adaleka kugwira ntchito, ndipo m'chaka cha 1993 Malawi lidakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Nayenso Fansidar adafooka, ndipo mu 2007 kudabwera LA. Mwanayo adati ngakhale amenewo ndi mankhwala a malungo, njira yake ndi yomweyo. Adandiuzanso kuti kuyambira mu 2011 matenda a taifodi adachuluka kwambiri mu Blantyre chifukwa cha mtundu wa tizirombo umene sumva mankhwala atatu akale, ndiwo ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim yemweyo. Padziko lonse, akatswiri adawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni adamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Ngakhale Alexander Fleming, amene adatulukira penisilini mu 1928, adachenjezeratu mu 1945 kuti kumwa mankhwalawa mosakwanira kudzalimbitsa tizirombo.

M'mawa mwake tidapita ndi mwana uja kuchipatala. Adamuyeza malungo osawapeza, adamvetsera chifuwa chake, natiuza kuti azimwa zamadzi zambiri ndi Panado thupi likatentha. Patatha sabata adali kusewera mpira, kapisozi osalawa.

Asadabwerere kusukulu, mwana wa alongo anga adanena mawu amene sakuchoka m'mutu mwanga. Adati, "Azakhali, kulemba mayeso a zimenezi sikuvuta. Chovuta ndi kukaniza munthu wamkulu monga inu. Mawa ndikadzaima m'sitolo ya mankhwala, mayi adzabwera ndi ndalama ya makapisozi awiri okha, wopanda kalata ya dokotala. Ndikadzamukaniza adzanditcha wonyada, n'kupita kukagula pamsika."

Ndidaona tsono kuti nzeru za ana athu ophunzirawa sizingapindule kanthu ngati ife amayi tizikana. Ndife timene timasunga chitini, ndife timene timadzuka usiku mwana akatentha thupi. Ndikudziwa ndithu kuti sitichita zimenezi mwadala. Chipatala chimatalika, ndalama yokwerera galimoto imasowa, ndipo nthawi zina umakafika n'kuuzidwa kuti mankhwala atha. Mayi wosunga makapisozi amasunga chifukwa cha chikondi. Komabe chikondi chomwecho chitiuze kuti tsiku limene mwana adzagwidwe chibayo, kapena mayi adzatenthe thupi atangochira, tidzafuna mankhwala amene akali ndi mphamvu.

Pagulu lathu la amayi tidagwirizana mfundo zochepa, ndipo ndikukupemphani kuti mukazikambirane kwanuko. Maantibayotiki timwe pokhapokha a chipatala atatilembera, pa nthawi yake ndiponso kwa masiku onse amene atiuza, osasiyira panjira kuti ena tisungire mawa. Tisagawane mankhwala. Amene amalandira Bactrim wa tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV adziwe kuti ameneyo ndi chitetezo chawo, si wopatsa mnansi wachifuwa. Nkhuku tizipatse katemera wa chitopa, ana tiwabayitse akatemera onse, kuphatikizapo wa taifodi amene adayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2023, ndipo tisambe m'manja ndi sopo pochoka kuchimbudzi ndi pokonza chakudya.

Koma musandimve molakwa, amayi. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikamalowa m'kati, akakana kuyamwa kapena kumwa, akakomoka, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko akamlembera mankhwalawa, mpatseni mokhulupirika, pakuti ndiyo ntchito yake yeniyeni.

Chitini chija tsopano ndimasungiramo singano ndi ulusi, ndipo mankhwala otsalawo ndidakawasiya kuchipatala. Akulu adati safunsa adadya phula. Tsiku lina mtsikana wovala choyera akadzakukanizani makapisozi, musadzamunyoze. Dzamufunseni chifukwa chake, ndipo mudzamumvere monga mwana wanu. Tsalani bwino, amayi anzanga.