TD27 ya turbo: injini imene ndimaika m'galimoto zotopa

Ndine makaniko kuno ku Chifunde, ndipo ntchito imene imandibweretsera anthu ambiri ndi yochotsa injini yakufa n'kuikamo ina. Galimoto zathu zimafa injini thupi likadali lolimba, chifukwa zimasenza fodya, chimanga ndi anthu m'misewu ya fumbi ndi matope ya ku Mualadzi ndi ku Nsadzu zisanafike pa tala wa N9 wopita ku Tete kapena ku Cassacatiza. Mwini pikapu akandifunsa kuti tiikemo iti, kawirikawiri ndimatchula Nissan TD27 ya turbo.

Ndi injini ya dizilo ya masilinda anayi, ya 2,663 cc. Ilibe lamba wa timing woti n'kukudukira m'tchire, chifukwa m'kati mwake mumayenda magiya okhaokha. Pampu yake sidalira kompyuta. Ukangolumikiza waya umodzi wotsegulira mafuta, yalira. Ngakhale mataxi akuda a ku London, aja a Fairway, anayamba kuyendera TD27 yopanda turbo mu 1989 chifukwa cha kupirira kwake. Koma pogula ndimapewa TD27ETi, yomwe pampu yake imalamulidwa ndi kompyuta, pakuti ikavuta kuno kulibe makina oiyezera.

Injinizi zimabwera zitagwira kale ntchito ku Japan, choncho sindikhulupirira kuwala kwa kunja. Ndimailiza ili yozizira n'kuona utsi: wabuluu ukutanthauza kuti ikudya oyilo. Ndimatsegula chotsekera oyilo kuti ndione ngati ikufuka kwambiri, kenako ndimagwedeza shafti ya turbo ndi zala. Ikamasewera mpaka kukhudza m'mbali, ndimaisiya pomwepo.

Komabe injini yabwino si ndiyo imatha nkhani. Luso lili pa kaikidwe. Ndimaipachika pa tcheni, n'kuitsitsa pang'onopang'ono mpaka italunjika bwino ndi giyabokosi, ndipo ndisanawotcherere zitsulo zokhalira ndimayeza kangapo. Injini ikakhala mopendekeka, kilatchi sichedwa kutha ndipo galimoto yonse imanjenjemera. Pa 4x4 ndimaonetsetsa kuti sampu sikugunda difu yakutsogolo. Popeza injiniyi ndi yolemera, masipuling'i akutsogolo nawo ndimawalimbitsa.

Galimoto ikakhala kuti inali ya petulo, ntchito imachuluka. Thanki iyenera kutsukidwa, paipi yobwezera dizilo iikidwe, batire likhale lalikulu, mahita alumikizidwe. Chimene ambiri amaiwala ndi mabuleki. Injini ya dizilo sikoka mpweya wothandiza mabuleki monga imachitira ya petulo, n'chifukwa chake kumbuyo kwa alternator kuli kapampu kake. Ukapanda kukalumikiza, buleki imauma gwa, ndipo pamtsetse uli ndi katundu ndi ngozi. Rediyeta ndimaika yaikulu, chifukwa dzuwa la Okutobala chakumunsi kuno silinyengerera injini ya turbo.

Ndikamapereka makiyi ndimamuuza mwini wake zinthu zitatu. Turbo imakhalira moyo oyilo woyera, choncho asazengereze kusintha. Fyuluta ya mpweya aziisamala, chifukwa fumbi likadutsa limadya timapiko ta turbo. Akafika pa ulendo wautali asazimitse injini nthawi yomweyo, ailole ilire pang'ono kuti turbo izizire oyilo akuyendabe. Ndimawonjezanso za dizilo wa m'zigubu: azimusefa, pakuti madzi ndi litsiro n'zimene zimapha pampu ndi manozo.

Pomaliza, nambala ya injini yatsopano iyenera kulembedwa mu livrete, chikalata cha galimoto, kudzera ku INATRO, bungwe loona za magalimoto, kuopa mavuto pamsewu ndi pachipata cha malire.

Inu eni galimoto, musathamangire injini yotsika mtengo n'kuumira pa kaikidwe. Sungani ndalama ya rediyeta, mapaipi ndi mafyuluta musanabweretse galimoto ku galaja, ndipo mulole makaniko agwire ntchito yake mosathamangitsidwa.