Kwa mwana wanga wa zisudzo, za Bill Hunter

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti m'sewero latsopano akupatsanso gawo la bambo wa mtsikana, ndipo mtima wako waŵaŵa poti umafuna kukhala mwini nkhani. Ndakulembera poyera chifukwa anzako ambiri a zisudzo amadandaula zomwezi, ndipo ndikufuna nonse mumudziwe Bill Hunter, katswiri wa mafilimu wa ku Australia.

Bamboyu anabadwira ku Ballarat mu 1940. Ali mnyamata anali katswiri wosambira, ndipo m'filimu ya On the Beach ya mu 1959 anali mmodzi mwa anthu ongodzaza chithunzi. Ukulu anaulawako: mu 1978 analandira mphoto ya mafilimu ya AFI pa gawo la mwini nkhani m'filimu ya Newsfront. Koma chimene anthu akwawo amamukumbukira nacho ndi magawo a pambali, a bambo wa mwini nkhani, msilikali wamkulu, mkulu wa bungwe.

Ukapeza mpata uonere Gallipoli ya Peter Weir ya mu 1981. Nkhani ndi ya anyamata awiri othamanga, Mel Gibson ndi Mark Lee. Hunter ndi Major Barton, amene walamulidwa kutulutsa asilikali ake m'ngalande kuti akathire nkhondo Aturuki pamalo otchedwa The Nek mu 1915, akudziwa bwino lomwe kuti mfuti za adani zawatchera kale. Usiku wake ali yekha, akumvera nyimbo pa galamafoni. Kutacha akuyesa kuchonderera akuluakulu pa lamya, akukanidwa. Sakuwa, sagwetsa misozi. Akuyang'ana wotchi, akuyang'ana ana a eni ake, kenaka akuganiza zotuluka nawo limodzi, n'kuliza wezulo. Ine pamenepo misozi imandilengeza nthawi zonse, ndipo si chifukwa cha othamanga aja. Asilikaliwo akufa osadziwa zambiri. Amene akudziwa zonse ndi Barton, ndipo kulemera kwa filimu yonse kwakhala pa nkhope yake. Gawo limenelo linamupatsa mphoto ina ya AFI.

Chaka cha 1994 anthu anamuona kawiri, ndipo ukanati ndi anthu awiri. Mu Muriel's Wedding ndi Bill Heslop, khansala wakatangale wa tauni ya Porpoise Spit, amene amanyoza ana ake pamaso pa alendo kuti ndi achabechabe. Pa maliro a mkazi wake, chimene chikumusangalatsa n'chakuti kwabwera uthenga wachipepeso wochokera kwa Bob Hawke, yemwe anali nduna yaikulu ya dzikolo. Munthu wonyansa ndithu. Komabe Hunter sanamusandutse chilombo. Ukamuyang'anitsitsa umaona mwamuna wamantha, woopa kuti anthu azindikira kuti ndi wamng'ono, ndipo ambiri oonera anazindikiramo abambo awo kapena amalume awo. Mu The Adventures of Priscilla, Queen of the Desert ndi Bob, makaniko wakumudzi wofatsa, amene akonza basi yofera m'chipululu n'kumalemekeza anthu omwe ena onse akuwaseka.

Ndiye iwe, bambo wakupatsayo usamutenge ngati chitsa chongoimikidwa kuti mtsikana apeze pozembera. Dzifunse chimene akuopa, chimene amabisira mkazi wake, mmene amakhalira pampando akatopa. Wolemba sewero kawirikawiri salemba zimenezo, amasiyira iwe. Mizere yako ingakhale isanu yokha, oonera amakuyang'ana ngakhale pamene ukungomvetsera mnzako akulankhula.

Mawu ake unawamva kale osadziwa. Dokotala wa mano uja wa ku Sydney mu Finding Nemo ya mu 2003, amene anatenga kansomba m'nyanja, ndi iyeyo. Anagwira ntchito mpaka kumapeto: Red Dog ndi The Cup zinatuluka mu 2011 iye atamwalira kale ndi khansa ku Melbourne mwezi wa May chaka chomwecho, ali ndi zaka 71.

Upereke moni kwa anzako onse a m'gululo.

Ndine mayi ako.