Musanagule laputopu, funsani za RAM

Mphunzitsi wa kumudzi sagula laputopu chaka chilichonse. Amasunga ndalama miyezi yambiri, mwina n'kuwonjezera ngongole ya ku SACCO kapena kubanki mkhonde, ndipo chimene wagulacho chiyenera kumutumikira zaka zisanu kapena kuposerapo. N'chifukwa chake ndati ndigawane ndi anzanga nkhani ya RAM, yomwe ambiri sitiifunsa pogula.

Ana anga a Fomu 3 ndimawafotokozera chonchi: hard disk kapena SSD ili ngati kabati yosungiramo mabuku, pomwe RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito. Tebulo likachepa, ngakhale kabati ikhale yaikulu bwanji, simungatsegule mabuku ambiri nthawi imodzi. Kompyuta imayamba kuzengereza, kenako kuima.

Kale RAM inali kachidutswa kolowetsa m'kamphako, ndipo mmisiri ankatha kuchotsa kakang'ono n'kuikamo kakakulu. Masiku ano malaputopu ambiri opyapyala amabwera ndi RAM yowotcherera pabolodi. Ma MacBook Air okhala ndi chip ya M1, omwe anatuluka mu 2020, ndi chitsanzo: amene anagula ya 8GB akhala nayo choncho mpaka idzathe. Ubwino wake ulipo, sindikana. RAM yotere sidya moto wambiri, batire limakhalitsa, ndipo kwa ife okhala kosafika magetsi a ESCOM, odalira sola, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Koma zofuna za kompyuta zimakulirakulira. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, ndipo umenewo ndi mlingo wongoyambirapo. Mukatsegula Chrome, Word ndi Excel pamodzi, 4GB yatha kale. Nayo Apple, chakumapeto kwa 2024, inasiya kugulitsa ma Mac atsopano a 8GB n'kuyambira pa 16GB.

Ine pogula ndinali ndi ziwiri patsogolo panga. Ina inali yopyapyala, yonyezimira, ya 8GB yowotcherera. Inayo inali Lenovo ThinkPad T480 yakale, yolemererapo, ya 8GB yomweyo, koma ili ndi timphako tiwiri ta RAM, kena kali kopanda kanthu. Ndinadzifunsa kuti ndidzakhala ndikuchita chiyani zaka zitatu zikubwerazi. Lero ndimalembapo mayeso, ma scheme ndi malikisi a ana. Koma dipuloma yangayi ndikufuna kuikweza ndi digiri kudzera m'maphunziro apatali, ngati aja a ku Mzuzu University. Pamenepo padzafunika Zoom, mabuku a PDF ambirimbiri ndi mapulogalamu owerengera za kafukufuku, zonse zitatsegulidwa nthawi imodzi.

Ndinasankha yakaleyo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tonse tikukumbukira mmene Kwacha inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kukwera usiku umodzi. Kudzagula kachidutswa kena ka 8GB ndikhoza kukwanitsa, koma kudzagulanso laputopu yathunthu pamalipiro a uphunzitsi ndi nkhani ina.

Ngati yopyapyala ndiyo yakukomerani chifukwa cha batire, palibe cholakwika. Kungoti dikiraniko miyezi ingapo, mukwanitse ya 16GB, chifukwa tsiku logulalo ndi lokhalo limene mudzasankhe kukula kwa tebulo lanu.

Kudziwa kwake n'kosavuta. Muuzeni wogulitsa ayatse kompyutayo, mutsegule Task Manager, mupite pa Performance, kenako Memory. Pamene palembedwa Form factor mukaona SODIMM, ndiye kuti RAM yake ndi yochotseka. Mukaona Row of chips, ndi yowotcherera. Onaninso kuti purosesa, ngati ndi ya Intel, ndi ya m'badwo wa 8 kapena kuposa, kuti Windows 11 ilowe bwinobwino. Wogulitsa akamakana kuti muone zimenezi, bwezani ndalama m'thumba mukayang'ane kwina. Safunsa anadya phula.