Mazira a Pamcenga Tiwaleke Aswe

Abale anga a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, sabata ino sindikamba za mizere kapena manyowa. Ndifuna tikambirane za kambalame kaja kamathamanga pamcenga, nkuima, nkuthamanganso. Pa Cingerezi amati Kittlitz's plover. Ambiri a inu mumakadziwa, koma ndi owerengeka anaonapo cisa cace.

Cifukwa cace nciani? Mbalame imeneyi simanga cisa mumtengo ai. Madzi akaphwa m'cilimwe imangopala kadzenje pamcenga niikira mazira 2, amaanga-maanga ngati timiyala. Ikaona munthu akudza, imafotsera mazirawo ndi mcenga msanga msanga, nkucokapo. Inu mumadutsa osaona kanthu, mwina mwapondapo kale.

Ine pa nchito yanga ya ulangizi ndimayenda kawiri kawiri ca ku Kachulu. Masana ena ndinakhala pansi patali ndithu, ndipo ndinaona mbalameyi ikupita kumadzi, nkunyowetsa nthenga za pamimba, nkubwerera kukakhalira mazira. Imacita zimenezi kuti mazira asapse, pakuti mcenga wa mu October umaocha ngakhale mapazi a munthu. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Ndikadayandikira, mbalameyo ikadathawa, ndipo dzuwa likadapha ana m'mazira momwemo.

Mazira amaswa patapita masabata 3 kapena 4. Tianapiye timayamba kuyenda tsiku lomwelo ndi kudzitolera tokha cakudya, koma timatha pafupifupi mwezi tisanauluke. Pa masiku amenewa adani ndi ambiri: khwangwala, ng'azi, agaru, ziboda za ng'ombe, ndiponso ana athu ndi malegeni ao. Mukaona mbalame ikukoka phiko pansi ngati yathyoka, dziwani kuti siinapweteke. Ikukunyengani kuti muitsate, mutalikire ana ace.

Wina adzati, "Kodi a Mlangizi, tisiye ndiwo cifukwa ca kambalame?" Funsoli nlomveka. Nyanja yathu inauma mu 1968 ndi mu 1995, ndipo matemba atasowa anthu ambiri anapulumukira mbalame. Koma taganizani: dzira limenelo nlocepa koposa la nkhunda, silingakhutitse ngakhale mwana. Mlimi wanzeru sadya mbeu yace, ingakhale njala ibvute bwanji. Mazira ndiyo mbeu ya mbalame. Ndiponso mbalame iyi siri ngati mpheta zotha mpunga wanu. Cakudya cace ndi tizirombo ndi nyongolotsi.

Mu 1997 dziko lathu linalowa m'pangano la maiko la Ramsar losamala madambo, ndipo Chilwa ndiye anali malo oyamba kulembedwa, cifukwa ca unyinji wa mbalame zace. Koma pangano la papepala silingaimitse ng'ombe. Oimitsa ng'ombe ndinu.

Tsono ndikupemphani zinthu izi. Abusa a ng'ombe, mwetsani zoweta zanu pa dooko limodzi lozolowereka, musaziyendetse gombe lonse. Asodzi, musanayanike makoka kapena kukokera bwato kumtunda, yambani mwayang'ana pansi. Agaru atsale kumudzi. Mukapeza cisa, zikani kamtengo capatali pang'ono kuti anzanu alambalale, koma musakazike pa cisa penipeni, pakuti khwangwala ndi wocenjera. Kamwanapiye mukakapeza katagona phee, musakatole poyesa kuti nkamasiye. Mace ali pafupi, akudikira kuti inu mucoke.

Makolo, ana amamvera akapatsidwa udindo. Mnyamata amene mwamuuza kuti, "Cisa ici ncako, uzicilonda uli patali, udzandiuze tsiku loswa," sadzaponyanso mwala. Nanunso mafumu, mau anu pabwalo amamveka koposa anga.

Nchito yonseyi njamiyezi iwiri yokha, ndipo siifuna ndalama. Yambani cilimwe cino, ndipo tikakumana pa msonkhano wa alimi mudzandiuze zisa zimene zaswa pa dooko lanu.