Dzina Alinalo, Pepala Alibe

Mayi wina wa ku Dedza, amene amachapa ndi kusita m'nyumba za anthu ku Johannesburg, ali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri wobadwira ku Joni komweko. Mwanayo atatuluka m'chikuta, agogo ake anamutcha dzina pa foni ali kumudzi, ndipo dzinalo linakhazikika. Koma setifiketi ya kubadwa alibe, pakuti nthawi imeneyo chilolezo cha mayi ake chokhalira m'dzikomo chinali chitatha. Atapita naye kukalembetsa sukulu, kalaliki anangoti, "Mukabwere ndi pepala, mayi." Mayiyo anabwerera osatsutsa, poopa kuti akachulutsa mawu afunsidwa za pasipoti yake.

Sankadziwa kuti lamulo linali kumbali yake. Ndime 28 ya malamulo aakulu a South Africa imapatsa mwana aliyense ufulu wokhala ndi dzina ndi dziko kuyambira tsiku lobadwa, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Bungwe la South African Human Rights Commission, lomwe likulu lake lili mu Johannesburg momwemo, limalandira madandaulo otere. Kupitirira malire a mayiko, kuli komiti ya African Union ya akatswiri 11 oona za ana, yomwe ofesi yake ili ku Maseru, m'dziko la Lesotho. Dandaulo lomwe linafika ku komitiyi linathandiza kuti mu 2017 Malawi asinthe malamulo ake aakulu, kuti aliyense wosakwana zaka 18 aziwerengedwa mwana, osati 16 monga kale.

Komabe zonsezi zimalembedwa m'Chingelezi ndi m'zilankhulo zina za m'maofesi, ndipo zikamasuliridwa m'Chichewa zimafika zitapotoka. Mawu oti "ufulu" ndi a tsinde limodzi ndi "mfulu", munthu amene si kapolo wa wina. Koma kwa makolo ambiri, kuyambira ku Lilongwe mpaka ku Chipata ndi ku Angónia, "ufulu wa ana" umamveka ngati chilolezo chakuti ana azichita mwano. Mayiyu nayenso ankaumva motero. Panalibe anamuuzapo kuti ufuluwo ungakhale mpando wa m'kalasi.

Anamva za chigamulo chija kwa mayi mnzake wa ku Katete, ali pamzere wodikira minibasi. Sabata yotsatira anabwerera kusukulu kuja atatenga kadi ya sikelo ya mwanayo ndi kalata yolumbira, ndipo mwanayo analembedwa. Setifiketi ya kubadwa sinapezekebe, ndipo pakhomo la chipatala kapena la sekondale adzaifunsanso.