Chisoti chimodzi pakati pa Unguja ndi Pemba

Chibwerereni ku Zanzibar mwakhala mukutifunsa za magombe, nsomba ndi zithunzi. Lero tikuuzani zomwe sizinajambulidwe.

Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi, ndipo tinadziwana tili ana ku madrasa. Aliyense anasunga ndalama zake kwa zaka ziwiri. Tisananyamuke tinasankha amir, mtsogoleri wa paulendo, monga Sunnah imatiphunzitsira. Tinadutsa pa Songwe ndi ku Mbeya pa basi mpaka ku Dar es Salaam, kenako maola awiri pa sitima ya pamadzi kukafika pachilumba cha Unguja.

Ku Kizimkazi tinaona mzikiti womwe pakhoma pake pali zolemba za chaka cha 500 Hijra, chomwe ndi 1107. Ku Stone Town tinaima pomwe panali msika wa akapolo womwe unatsekedwa mu 1873. Ambiri ogulitsidwa pamenepo anachokera m'mbali mwa nyanja yathu, kudzera ku Nkhotakota ndi ku Kilwa, njira yomweyo imene Chisilamu chinadzera pobwera kwathu. Tinachokapo tili chete.

M'masiku omwewo mnzathu wina anayamba kusala. Lolemba sitinadabwe, pakuti ndi Sunnah. Lachiwiri anati akubweza masiku a Ramadhan. Lachitatu, dzuwa likuswa mtengo, anati akusalabe. Amir anamutengera pambali, ndipo zinadziwika kuti chikwama chake cha ndalama chinasowa padoko tsiku lomwe tinafika. Pasipoti ndi tikiti yobwerera zinapulumuka chifukwa zinali m'thumba lina. Masiku atatu munthu ankadya kamodzi kokha madzulo, ife tikunyambita zala osazindikira kanthu.

Apa ndi pomwe pali manyazi athu. Titamva, sitinathamangire kumuthandiza. Tinayamba kuwerengera. Ena tinati atsale ku Unguja ndi kangachepe, ife tipite ku Pemba monga tinakonzera. Ena tinati ulendo wa ku Pemba ungolephereka, koma tinanena ndi nkhope zoti mwini wake adziwe kuti watilakwira. Anthu ophunzitsa ana za ubale wa Chisilamu tinakangana ngati ogulitsa pamsika, mnzathuyo atangozyolika.

Amir sanakweze mawu. Anatikumbutsa za fuko la Ash'ari la ku Yemen, lomwe Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) analiyamikira chifukwa chakudya chikachepa ankasonkhanitsa zonse pansalu imodzi n'kugawana mofanana. Hadith imeneyi tonse tinkaidziwa, ena tinailembetsapo pa mayeso. Kenako anavula chisoti chake, n'kuchiphimba ndi mpango, nati: "Abale anga, aliyense alowetse dzanja. Pasapezeke wodziwa zomwe mnzake waika." Mnzathu uja nayenso anauzidwa kuti alowetse dzanja lake. Titawerenga, zinakwana matikiti otsika mtengo a anthu asanu ndi mmodzi, ndi masiku awiri ku Pemba m'malo mwa anayi.

Nyanja ya pakati pa zilumba ziwirizi si yamasewera. Ndi m'madzi omwewa momwe sitima ya Spice Islander inamira mu 2011, anthu ambirimbiri n'kutaya miyoyo. Titangodutsa kumpoto kwa Unguja mafunde anakula, ndipo asanu tinagwidwa nseru, amir yemwe. Wotsala ali chilili anali mnzathu uja, mwana wa msodzi amene anakulira m'bwato. Ndiye ankatibweretsera madzi, kutigwira pamapewa ndi kutsuka pomwe tadetsa. Nthawi ya swala itakwana anatikumbutsa kuti kuchokera ku Zanzibar kibula ili pafupifupi kumpoto ndithu, kufupi ndi komwe sitima inaloza. Tinaphatikiza Dhuhr ndi Asr, marakaa awiriawiri monga amaloledwera wapaulendo, ambiri tili chikhalire, iye akutitsogolera. Munthu yemwe dzulo lake tinafuna kumusiya.

Tinatsikira pa Mkoani. M'mbali mwa msewu wopita ku Chake Chake anthu anali atayanika karafuu pamikeka, zonunkhiritsa zomwe Pemba imatchuka nazo, ndipo fungo lake linatilowa mpaka m'zovala. Usiku umenewo tinadya mpunga wophikira kokonati ndi nsomba m'mbale imodzi yaikulu. Tisanasambe m'manja tinamupepesa mmodzimmodzi. Iye anangoseka, nati njala ikumupweteka, tidye kaye.

Ma ulama amanena kuti liwu la Chiarabu loti safar, ulendo, limachokera ku tsinde lotanthauza kuvundukula, chifukwa ulendo umavundukula khalidwe la munthu. Ife unativundukula, ndipo zomwe tinaona sizinatikondweretse. Alhamdulillah kuti tinali ndi wotibweza.

Ophunzira athu, simufunika kukafika ku Pemba kuti muyesedwe chotere. Pasukulu pano pali mnzanu amene nthawi yopuma amati sakumva njala, amene ulendo wa kalasi ukalengezedwa amati kunyumba kuli zochita. Sadzakuuzani, monga wathu uja sanatiuze. Muyang'anitsitseni, ndipo pomuthandiza phimbani chisoti kuti ulemu wake usatayike. Allah atipatse maso oona msanga kuposa momwe ife tinaonera. Ameen.